Magetsi Okana Chiperoni

Chaka chimene eni esiteti ya tiyi analonjeza kugulira sukulu yathu zipangizo za sayansi, mphunzitsi wa fizikisi ndinali ine ndekha. Ahedi anangondiponyera buku la zithunzi za katundu, amvekere ndisankhe ndekha, iwo za magetsi amadziwa kuyatsa ndi kuzimitsa basi. Womufunsa nzeru panalibe. Anzanga a ku koleji anali kutali, ndipo netiweki kwathuko inkapezeka ukakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi.

Mtima unkafuna chimakina cha mutu wachitsulo chija chimene chimaimitsa tsitsi la munthu. Koma nditaganizira za lamba wake akadzaduka, ndi magetsi athu ozimazimawa, ndinachisiya. Ndinasankha zinthu zoti ngakhale mwana wokhala kumbuyo aone n'kumvetsa: ndodo zapulasitiki ndi zagalasi, nsalu zokwechera, ndi botolo lokhala ndi kachitsulo kopyapyala kamene kamadzuka ukayandikitsa ndodo yokwechedwa, poti kukwechako kumabala magetsi pandodopo. Ndinadzitama kuti ndasankha mwanzeru, ndipo mpaka lero sindinasinthe maganizo.

Katundu anafika mu Juni, chiperoni chitakuta minda ya tiyi, ana a Folomu 4 atatsala pang'ono kulemba mayeso. Ndinkafunitsitsa aone ndi maso awo asanachoke, poti zaka zonsezi ankangoloweza. Ndinakwecha ndodo mpaka thukuta, kachitsulo kali phee. Chinyezi cha ku Thyolo chimaba magetsi otere usanamuonetse munthu. Nyengo imeneyo ngakhale machesi amanyanyala. Ndinayesa kuwamba nsalu pambaula ya kwa ahedi, koma pofika nayo m'kalasi inali itazizira kale.

Mtsikana wina wanzeru, amene mayi ake ankathyola tiyi, anandimvera chisoni.

"Aphunzitsi, musavutike," anatero. "Tingolemba kuti kanadzuka."

Anzake anaseka, nanenso ndinaseka, koma zinandiwawa kwambiri.

Analemba mayeso n'kubalalika, ena kubwerera kwawo ku Thekerani, ena kukabereka madengu m'minda ya esiteti. Tsiku lina la tchuthi, dzuwa litaumitsa fumbi, ndinalowa m'kalasi kukapukuta mashelefu. Ndinatola ndodo imodzi n'kuikwecha mongosewera. Kachitsulo kanadzuka bwinobwino, kanaima. Ndinatembenuka msanga kuti ndinene kuti taonani, koma ndinapeza madesiki okhaokha. Ndinatsegula chitseko, panjira panalibe ngakhale wodutsa. Ndinabwerera, ndinakwechanso, kanadzukanso, ndipo ndinachita zimenezo mpaka mkono unatopa.