Tsiku Limene Agogo Anavula Galimoto Majombo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Kamwendo, ndimamva fungo la utomoni wa paini losakanikirana ndi la mphira wa matayala otentha. Anayendetsa malole a matabwa pa Phiri la Dedza mpaka kumera imvi, ndipo atapuma ntchito anagula kagalimoto koyendera petulo ndi batire, kamene amati haibulidi. Kankanyamuka mwakachetechete, moti nkhuku za kwathu ku Kaphuka zinkadzidzimuka kali kale pamchira.

Chaka china petulo anasowa, ndipo ndi chaka chomwecho amayi anga aang'ono ankakwatiwa ku tchalitchi cha ku boma. Agogo anakhala pamzere tsiku lathunthu, n'kupeza petulo wochepa chabe. Koma amalume anga a Yohane, pofuna kuti mlongo wawo atchene, anabwereka malimu, zitsulo zovekapo matayala zija, aakulu onyezimira okhala ndi matayala otakata, n'kuwamanga kugalimoto agogo ali kumunda wa mbatatesi.

Agogo atafika anaizungulira kawiri, khasu lili paphewa.

"Iwe Yohane, galimoto yanga waiveka majombo?"

"Bambo, anthu aone kuti kuno kuli ukwati!"

"Aona ndithu, mkwatibwi akukankha galimoto pamtunda."

Agogo sankakonda kukangana. Anatikweza ine ndi amalume, n'kupita nafe pamwamba pa chitunda cha kusukulu. Kumeneko anangoileka galimoto kuti itsike yokha, osaponda moto. Inatsetsereka molemera n'kukaima pamjigo, ine n'kuikapo mwala wachizindikiro. Tinabwerera kunyumba, amalume akung'ung'udza, kukabwezeretsa matayala akale opyapyala aja, agogo akuwapopa bwino ndi pampu. Ulendo wachiwiri galimoto inadutsa mwala wanga ngati sinauone, mphepo yozizira ikutiomba kumaso, mpaka kukaima kuchigayo. Azimayi amene ankatunga madzi pamjigo paja analiza nthungululu osadziwa n'komwe chomwe tinkayesa.

"Tayala lotakata limakakamira msewu," anatero agogo. "Chitsulo cholemera chimatopetsa batire, basi injini n'kumadzuka pafupipafupi kudzamwa petulo. Ukufuna mlongo wako akafike, kapena anyezimire panjira?"

Amalume anaseka mpaka kugwira bondo. Mawa lake anakongoletsa galimoto ndi maluwa ndi nsalu zoyera, ndipo inapita ku boma n'kubwerako ndi akwati, petulo n'kutsalako wokatengera agogo aakazi a mkwati ku Chongoni kuti nawonso adzavine.

Lero ndimayendetsa takisi ya haibulidi ku Lilongwe. Anzanga apasiteji amandiseka kuti, "Achemwali, matayala anuwa ndi a wilibala?" Ndimaseka nawo. Koma petulo akavuta, iwo ali ndandanda pamzere ndi malimu awo onyezimira, ine ndimadutsa ndi okwera anga, n'kuwaimbirako hutala kamodzi m'malo mwa agogo.