Tsiku limodzi lokha limene tinasiya msika

Azakhali, lero chakwana chaka chitisiyireni. M'mawa poyala tomato ndatsindikira saka langa ndi mwala uja munkatsindikira saka lanu, ndipo ndakumbuka tsiku limene anthu ofuna malo athu aja anabwera ndi tepi kudzayeza msika wathu wa m'mbali mwa msewu wa tala ku Sinda. Amvekere pano pamangidwa mashopu, ife tisamukire kutsidya kwa dambo kumene minibasi siyima. Inu munakhala pansi, pamwamba penipeni pa tepi yawoyo, n'kuyamba kuswa mtedza. Munati, "Ana anga, malo opanda munthu ndi thengo. Kaya kugwe mvula, kaya mulibe chogulitsa, pano pasamasowe munthu." Tinagawana masiku, ndipo miyezi yonse ija palibe anayerekeza kukumbapo dzenje.

Koma pa maliro anu, Azakhali, ndani akanatsala? Kwathu kuno munthu sagulitsa malonda mnzake ali chigonere pasiwa. Tinapita tonse, ngakhale bambo a mbatata aja munkakangana nawo tsiku ndi tsiku. Pochokera kumanda tinapeza mapolo atazikidwa kale, waya atazungulira mbali yanu yonse. Mwala wanuwo ndinachita kuukoka ndi dzanja pansi pa waya. Tikulimbanabe, makalata tikulembabe, koma tapanikizana pa kachigawo ka kumsewu, ndiwo zathu fumbi lokhalokha. Chimene chimandipweteka n'chakuti ndimakudziwani. Mukanatha kuyankhula tsiku lija, mukanatikalipira pamanda pomwepo: "Mwabwera nonse? Nanga kumsika mwasiyako ndani?"