Bulangeti la ku Mzuzu

Januwale aliyense, pa mapemphero otsegulira chaka, amayi a kutchalitchi kwathu ku Biriwiri timaimirira mmodzimmodzi n'kunena zomwe tikufuna kuchita. Chaka chatha wina anati afolera nyumba ndi malata, wina anati akuza dimba la kabichi. Ine ndimagwira ntchito palaibulale yaing'ono, ndipo nthawi imeneyo mphekesera inali ponseponse yoti amene amatithandiza ndi ndalama palaibulalepo akuchoka, laibulale itsekedwa. Ndikananena chiyani? Zoti ndipitiriza kupukuta fumbi?

Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Ine ndikupita ku Mzuzu, kukachita dipuloma ya zamalaibulale."

Nthungululu zinalira. Chonsecho ngakhale kalata yofunsira malo ndinali ndisanalembe, ndipo mpaka lero sindinalembe.

Mu Epulo amayi aja anandikonzera phwando lotsanzikana. Anandipatsa thumba la kachewere ndi bulangeti lokhuthala, ati ku Mzuzu kumazizira. Ndinalira misozi yeniyeni, iwo n'kumayesa ndi chikondi.

Laibulale sinatsekedwe. Ndinayamba kudzera kumadimba popita kuntchito, ndipo aliyense wovala duku akamadutsa ndinkabisala kuseri kwa shelefu. Tsiku lina Mayi Nagama, atcheya athu, anandipezerera ndikusesa pakhomo.

"Aa, adipuloma athu! Mwabwera liti?"

"Tili pa holide, mayi."

"Sukulu yanuyo njabwino," anatero. "Holide chiyambire Epulo muja!"

Kachewere ndinadya kalekale. Cholinga changa chaka chino n'chimodzi basi: kubweza bulangeti lija. Komatu ku Biriwiri kumazizira, abale. Tiona mu Okutobala.