Botolo la Kromiyamu Landibweza ku Mbenji

Inu a sitolo ya "mankhwala achilengedwe" pa boma pa Salima, mundiyankhe. Dzina sinditchula, mukudzidziwa.

Ndimadwala shuga. Mapiritsi ndimalandira kuchipatala, ondikumbutsa kumwa ndi mayi a kunyumba. Mu Epulo, usodzi utatsegulidwa pa chilumba cha Mbenji, ndinalowa m'sitolo mwanu kukagula mafuta opaka bondo. Bondo basi! Mkulu wina wa tayi anandiyang'ana pamimba n'kunena kuti, "Bambo, shuga eti? Thupi lanu likusowa kromiyamu. Mukamamwa uyu, za kuchipatala zija mutha kupumulako." Botolo limodzi K35,000. Ine munthu wa Fomu 4, amene ndimakangana ndi ogula utaka mpaka mawu kusasa, ndinapereka ndikumwetulira. Ndinathokozanso.

Mapiritsi a kuchipatala ndinawasiya dala m'jekete kunyumba. Ku Mbenji akazi saloledwa, ndiye wondikalipira kunalibe. Ndinkayenda modzitukumula.

Sabata yachiwiri, ludzu. Kumwa madzi ngati ng'ombe, kutaya madzi ngati mpope wothyoka. Asodzi anga ankati, "Bwana, mwabwera kudzapha nsomba kapena kudzadzaza nyanja?" Ndinawatukwana. Kenako m'maso chifunga, boti langa lomwe osalizindikira. Lachitatu m'mawa anandinyamula ngati thumba la usipa mpaka kumtunda. Khoka ndinasiyira mlamu amene ngakhale kusoka sadziwa.

Kuchipatala adokotala anatembenuza botolo lija n'kupukusa mutu. Akuti kromiyamu thupi limamufuna pang'ono zedi, ndipo amapezeka kale m'nyemba, mtedza, nyama ndi mgaiwa. Salowa m'malo mwa mankhwala a shuga. Mgaiwa! Womwe ndimaukana kunyumba ndikuti ndi wa akaidi!

Dzulo 10 koloko ndinabwerera kusitolo. Wa tayi uja akuti, "Ife sitinati musiyiretu. Zalembedwa pabotolo, bambo." Zalembedwadi, m'Chingerezi, timalemba tating'ono ngati mazira a nsabwe. Mukugulitsa kwa anthu amene shuga watidya maso, ndiye awerenge ndani? Ndinamenya kauntala. Kauntalayo ali bwinobwino, lotupa ndi dzanja langa.

Tsono ndiuzeni, ndi angati ena mwawauza kuti apumuleko? Alipo amene sananyamulidwe msanga ngati ine?

Anzanga a shuga, musasiye mapiritsi chifukwa cha tayi ya munthu. Ine pano ndili pakhonde, utaka akupha anzanga. M'mawa uliwonse mayi a kunyumba amandiika piritsi palilime, kenako amati, "Yasamulani, bambo a Grace, ndione ngati mwameza."

Ndimayasamula. Pamaso pa adzukulu.