Nkhope ya Otýlie

Vendelín Kocourek ankajambula zithunzi za m'mabuku a ana, ndipo tauni yathu yonse inkamunyadira. Koma nkhope yongopeka m'mutu inkamukanika, choncho ankaba zathu. Kutchalitchi, kubala, pamzere wa buledi, iye maso ali pamphuno za anthu. Buku likabwera kuchokera ku Prague tinkathamangira kukaona kuti wagwidwa ndani. Wogulitsa nyama anasanduka mfumu, wapositi anasanduka chule, ife kuseka mpaka nthiti kuwawa.

Sanakwatire. Ankakhala ndi mchemwali wake wamkulu, Otýlie, amene ankamuphikira, kumutsukira maburashi ndi kumukolezera moto m'chisanu. Tsiku lina anamuuza kuti, "Achemwali, takhalani apa pawindo ndikujambuleni."

"Ine? Wayamba liti kundiona, iwe Venda?" anatero Otýlie. Komabe anathamangira kuchipinda, n'kutuluka atavala diresi lake la pachikondwerero, tsitsi atalipesa bwino. Vendelín sanamuuze kuti buku limene linali m'manja linkafuna mfiti yodya ana.

Bukulo linafika kusukulu, ndipo ana sanachedwe kuizindikira mphuno ija. Otýlie akamapita kumsika ankamutsatira akukuwa kuti, "Mfiti, mfiti, lero muphika ndani?" Makolo ankawakalipira, pakamwa atagwira kubisa chiseko.

Otýlie anangopitiriza kuphika ndi kutsuka maburashi, ndipo zimenezo ndiye zinam'pha Vendelín ndi manyazi. Kubala anasiya kupitako. Poyenda ankangoyang'ana pansi ngati wataya singano. Kuyambira pamenepo ankajambula mbalame ndi bowa basi. Nthawi ina anapempha kuti, "Achemwali, mundilole ndikujambuleni bwinobwino."

"Nkhope yanga unaigwiritsa kale ntchito," anayankha Otýlie. "Idya, msuzi ukuzizira."

Kwathu kuno pamwala wa pamanda timaikapo kachithunzi ka malemu. Otýlie atamwalira, tinafunafuna chithunzi chake m'nyumba monse, koma osachipeza, poti kamera ankaithawa kuyambira chaka cha buku lija. Tinati palibe vuto, mlongo wake ndi katswiri. Vendelín anadzitsekera m'chipinda chojambulira. Nditapita kukamuona ndinapeza mapepala ali mbwee pansi, iye ali pampando.

"Ndikati ndijambule achemwali, dzanja likukumbukira mfiti ija," anatero akulira.

Mukapita kumanda athu, mzere wonse uli ndi nkhope. Mwala wa mchemwali wa wojambula uli ndi dzina lokha.