Mchere Athire Wina

Mimba yanga inayamba kuoneka chaka chimene bambo akunyumba analembedwa ntchito kumgodi wa malasha ku Moatize. Tinali titakhalitsa opanda mwana, ndiye nditaona nsalu ikukana kukumana m'chiuno, eee, komboni yonse inandidziwa. Amene ankanditcha chumba ndinkawalonjera dala, mimba ili patsogolo.

Miyezi inakwana, n'kupitirira. Anzanga amene tinaima limodzi anachira, ana awo anayamba kukwawa, ine ndili chiimire. Magazi ankangobwera, kudya pang'ono ndakhuta, kuchimbudzi ndiye inali nkhondo. Kwathu ku Zobue amayi anati wina wandimanga. Ndinamwa mizu yowawa mpaka lilime kuchita dzanzi, koma ayi ndithu.

Tsiku lomwe ndinakomoka potunga madzi, bambo akunyumba aja anandikweza lole, kamiyau, tinaoloka Zambezi kupita kuchipatala. Dotolo wachipwitikizi anandipapasa n'kulankhula zake, enfermeru, womuthandiza uja, akumasulira m'Chinyungwe chosakaniza ndi chathu.

"Mayi, muno mulibe mwana. Ndi chotupa cha m'chiberekero. Akapanda kung'amba, mufa."

"Mulibe mwana? Nanga amandiponda m'katimu ndani? Inuyo munaimapo?"

Anandigoneka tulo. Podzuka mimba inali phwa, ulusi utayenda kuchokera pamchombo kutsika. Nditayamba kuyenda ndinamuvuta enfermeru uja mpaka anakandionetsa chotupacho m'chipinda china. Chinali m'botolo lalikulu lamadzi, chotuwa, ngati dzungu losenda. Ndinalizungulira botololo kufunafuna kadzanja, ngakhale kakhutu chabe. Panalibe.

"Ndipatseni ndikaike kwathu," ndinatero.

Iye anayang'ana pansi. Anati dotolo akuchisunga kuti ophunzira azionera, ndipo chiberekero chinachoka nacho limodzi. Ndinatukwana, sindibisa.

Kwathu mkazi akapita padera, amayi achikulire amakaika nthayo kudambo mosalira, kenako amamusambitsa mankhwala. Apo m'pamene amaloledwa kuthira mchere m'ndiwo ndi kubwerera pamphasa ya mwamuna wake. Akadumpha mwambowo, odya ndiwozo amatupa ndi mdulo. Nditafika ku Zobue amayiwo anakhala pansi pa mtengo wa mango kukamba za ine. Wina anati sindinapite padera. Wina anati mimba tinaiona tonse ndi maso athu. Wamkulu wa onse anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Tikaike chiyani, mwanawe? Tikusambitse pa maliro a yani? Bayamba wadikira, tidzakuuza."

Ndinadikira. Bambo aja anadikira nane dzinja limodzi. Sindiwanena, anali munthu wabwino, koma wolowa pansi pa nthaka tsiku ndi tsiku safuna kutsika ndi tsoka. Anakwatira wina ku Moatize konko, ndipo ndinamva kuti ana anabadwa.

Amayi aja anamwalira mmodzimmodzi, palibe anabwera ndi yankho. Wansembe anandiuza kuti ndi zachikunja, ndizingothira mchere. Ndinayesa kamodzi, koma ndinabweza dzanja, mchere unatayikira paphulusa. Moyo dotolo anandipulumutsa, ndikuvomera, koma mtima wanga umawawabe.

Nthawi zina ndikakhala phee, pansi pa chipsera pamagwedezeka. Kaya botolo lija lidakali m'chipinda chija, kaya analitaya kudzala, sindidziwa. Ndalera ana a mng'ono wanga, tsopano ndikulera adzukulu ake. Ndiwo zikapsa ndimaitana aliyense amene ali pafupi kuti adzandithirire mchere. Iwo amaseka, amati agogo ndi aulesi. Sadziwa kuti ndikudikirabe, mwana wanga sanaikidwe.