Ndinadzutsa Purosesa Yachiwiri Nthawi Yake Isanakwane

Inu owerenga, ine ndinachotsedwa pa ntchito yabwino koposa zonse zimene ndagwirapo, ndipo sindinganene kuti anandilakwira. Ndinasokoneza kompyuta ya kampani ina yogawa mankhwala kudera la mafakitale la Willowvale, m'zaka zija nkhondo yomenyera ufulu itafika poipa, ndipo zipatala zina zakumidzi zinasowa mankhwala chifukwa cha ine.

Ndinakulira kukomboni ya Highfield, kufupi ndi masitolo a pa Machipisa. Bambo anga anachoka ku Ntcheu ali mnyamata n'kuwoloka malire kudzafuna ntchito m'dziko lino, ndipo ankasoka matumba m'fakitale. Pakampanipo ndinalowa ngati wonyamula matepi a kompyuta. Koma azungu ankaitanidwa kunkhondo mosinthanasinthana, ndiye mabwana anayamba kutiphunzitsa ife anthu akuda ntchito zimene kale sitinkaloledwa n'kuziyandikira komwe. Umu ndi mmene ndinalowera m'chipinda chozizira cha kompyuta.

Makinawo anali makabati aatali kuposa munthu. Anabwera mozembetsa kudzera ku Joni, chifukwa mayiko ambiri anali atasiya kuchita malonda ndi dziko lino, ndipo kachitsulo kakafa kankavuta kupeza. Mkati mwake munali mapurosesa awiri. Purosesa ndicho chigawo chimene chimawerenga malamulo a pulogalamu n'kuwachita.

Amene anandiphunzitsa anali injiniya wathu, mzungu wowonda wosakonda zolankhulalankhula. Anandionetsa zimene zimachitika m'mawa makina akamayatsidwa. Purosesa imodzi yokha ndiyo imadzuka. Inzakeyo imangoti duu, ngakhale magetsi aifikira. Yoyambayo imatenga padisiki, posungira zolembedwa zonse, pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse, imene ankaitcha kenelo, n'kuyamba kuyala zinthu m'memori, momwe makina amaika zimene akugwiritsa ntchito. Kenako imapatulira inzakeyo kamalo kake, imailembera poyambira, ndiye imaitumizira chizindikiro. Yachiwiri imadzuka n'kuyankha kuti yafika, koma siyamba ntchito. Imangozungulira pamalo amodzi kudikira, mpaka yoyamba itamaliza kuyala zonse n'kuitsegulira.

Zonsezi zinkaoneka pa timagetsi takutsogolo. Kumanzere tinkathwanima, kumanja kuli bii. Kenako kagetsi kamodzi kumanjako kankayaka n'kuima. Mwadzidzidzi mzere wonse unkangoti ng'ani ng'ani, mbali ziwirizo zikuyendera pamodzi. Ndinaziona kambirimbiri koma tsembwe silinaleke kundigwira. Nditawafotokozera bambo kunyumba anaika kapu ya tiyi pansi.

“Chitsulo kudzutsa chitsulo chinzake! Koma ndakhalitsa padziko ine,” anatero.

Mavuto anayamba pamene purosesa yachiwiri inayamba kukakamira podikira paja. Inkadzuka, inkayankha, koma osapitirira. Sabata yomweyo injiniya anaitanidwa kunkhondo. Asananyamuke anaizimitsa ndipo anandiuza kuti ndisaikhudze mpaka abwere. Imodzi inali yokwanira, kungoti ntchito iziyenda pang'onopang'ono.

Inayendadi pang'onopang'ono, mpaka kuunjikana. Kompyutayo ndiyo inkatulutsa mapepala onena kuti chipatala chakuti chilandire mankhwala akuti. Masiku amenewo malole opita ku zipatala za mishoni ankayenda pagulu, moperekezedwa, chifukwa cha mabomba okwirira m'misewu. Ukaphonya ulendo umodzi, unkadikira wina kwa nthawi yaitali. Bambo Zuze, mkulu wa kosungira katundu, munthu wa ku Tete amene abale awo ena anali kumidzi komweko, anabwera pakhomo pa chipinda chathu m'mawa wina.

“Mwanawe, malole anyamuka mawa. Ine ndilongedza chiyani popanda mapepala?”

“Ndikuyesetsa, bambo. Makinawa akuyenda ndi mwendo umodzi.”

“Nanga winawo sungaudzutse?”

Iwo anangofunsa. Amene ndinkadziwa zimene injiniya ananena ndinali ine. Koma ndinali nditawerengako buku la kenelo, ndipo ndinkadziwa pamene panali lamulo lodikira lija. Kunena zoona, si chifundo chokha chimene chinandikankha. Ndinkalakalaka kuti mzere wakumanja uja uyake ndi dzanja langa.

Ndinayatsa makina mwatsopano, pamodzi ndi purosesa yozimitsidwa ija. Yachiwiri inadzuka n'kuima pamalo ake aja. Pamenepo ndinasintha lamulo limodzi lokha kudzera pa timaswichi takutsogolo, kuti idumphe kudikirako. Abale inu, timagetsi tonse tinayaka! Makina osindikiza anayamba kulavula mapepala mothamanga kuposa kale lonse. Ndinathamanga kukaitana Bambo Zuze. Anaima pakhomo, anavula chipewa, n'kumangoyang'ana.

Dzuwa litapendeka iwo anabweranso, mapepala ali m'manja, nkhope itagwa. Chipatala china chinalembedwa kawiri. China chinapatsidwa mankhwala a chinzake. Zina sizinatuluke n'komwe. Mapurosesa awiriwo ankatola ntchito imodzimodzi n'kumalemba pamalo amodzi padisiki, ina pamwamba pa zolemba za inzake. Chimene chimandiopsa mpaka lero n'chakuti makinawo sanadandaule ngakhale pang'ono. Timagetsi tinkathwanima mokongola pamene zonse zinali kuonongeka.

Tinalongedza mongoyerekeza, potsatira mapepala akale. Malole ananyamuka ndi katundu wosakwanira. Dalaivala wina atabwerako anandiuza kuti pa mishoni ina namwino anatsegula makatoni akuyembekezera jakisoni wa ana, n'kupeza mabandeji okhaokha. Akuti anangokhala pansi pafumbi. Sindinamve kuti ndani anavutika kapena kumwalira podikira ulendo wotsatira. Sindinadziwe, ndipo kusadziwako kwandilemera moyo wanga wonse.

Injiniya atabwera anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Atafufuza anapeza kuti chigawo china cha memori chinali chitafa, ndiye purosesa yoyamba sinkamaliza kuyala malo oti zonse ziwiri zigwirire ntchito, n'chifukwa chake sinkatsegulira inzake.

“Yachiwiriyo inalibe vuto,” anandiuza motsitsa mawu. “Inkachita zimene inayenera kuchita.”

Mwezi usanathe ndinali pa Machipisa, kukonza mawailesi pakhonde la sitolo ya munthu. Ndakalambira pa ntchito imeneyo. Mdzukulu wanga amene anaphunzira za makompyuta amandiuza kuti kafoni kam'thumba mwake kali ndi mapurosesa angapo, ndipo kakamayatsidwa imodzi ndiyo imayamba, n'kudzutsa inzake imodziimodzi. Ndimakagwira m'manja n'kumangopukusa mutu.

Inu achinyamata amene mukugwira makina lero, ndimvereni. Mukapeza chinthu chikudikira, musathamangire kuchotsa kudikirako musanadziwe chimene chikudikiridwa. Amene anakuphunzitsani akati musakhudze, ndipo wina akukukakamizani, pitani kwa akuluakulu mukanene poyera kuti ntchito ichedwa. Ine ndikanatero m'mawa uja, tikanakhala pansi tonse n'kulemba pamanja, ndipo makatoni oyenera akanafika kwa namwino uja.